Mabuku Anayi Amene Makolo Athu Analemba, Ife N'kuwaiwala



Lero ndati tikambirane za mabuku anayi a mbiri amene ndimawakonda kwambiri, koma amene ndi anthu ochepa okha anawagwirapo m'manja. Tikamaphunzitsa History, mayina amene ana athu amaloweza ndi a David Livingstone, Robert Laws, Harry Johnston ndi Alfred Sharpe. Kuwadziwa anthu amenewa sikulakwa. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mwana amatuluka Fomu 4 ali ndi maganizo akuti mzungu ndiye ankalemba, pamene makolo athu ankangokamba nthano pamoto usiku. Si zoona zimenezi. Kuyambira mu 1919 mpaka m'zaka za m'ma 1940, anthu akuda anayi a dera lino la nyanja anakhala pansi n'kulemba mbiri ya anthu awo. Wina anali wansembe, wina m'busa, wina mphunzitsi ngati ife tomwe, wina kalaliki wa boma. Analemba m'ziyankhulo zinayi: Chiyao, Chitumbuka, Chinyanja ndi Chingerezi.

Palibe mmodzi mwa iwo amene analemba pofuna kungotaya nthawi. Aliyense anali ndi mlandu umene ankafuna kuwina pamaso pa atsamunda, ndipo cholembera ndicho chinali chida chake. N'chifukwa chake mabukuwa ndi okoma kuwerenga, komanso n'chifukwa chake tiyenera kuwawerenga maso ali gwa.

Chiikala cha Wayao

Buku loyamba ndi la a Yohanna Barnaba Abdallah. Bambo amenewa anaphunzira pasukulu ya mishoni ya UMCA ku Kiungani, pachilumba cha Zanzibar, ndipo anadzozedwa unsembe wa mpingo wa Anglican mu 1898. Zaka zambiri za utumiki wawo anathera ku Unangu, kum'mawa kwa nyanja yathuyi, dera limene lero lili m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Anamwalira mu 1924. Buku lawo, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919 ndi makina a boma, m'Chiyao ndi m'Chingerezi momwe. Amene analimasulira ndi dokotala wa boma, Meredith Sanderson.

Kuti timvetse chifukwa chimene a Abdallah analembera, tikumbuke zimene zinali zitangochitika. Pakati pa 1891 ndi 1895, Johnston anamenyana ndi mafumu achiyao monga Makanjira, Mponda, Kawinga ndi Jalasi mpaka kuwagonjetsa. Mu 1912 Apwitikizi nawo analanda Mwembe, likulu la Mataka. M'mabuku a azungu a nthawi imeneyo, Myao ankadziwika ndi chinthu chimodzi chokha, malonda a akapolo. Patangopita zaka 7 chigwereni Mwembe, wansembe wakuda anatulutsa buku lonena kuti mbiri ya Ayao inayamba kale, akapolo asanakhale malonda.

A Abdallah akufotokoza za phiri lotchedwa Yao, kumene mtunduwu unachokera, ndi mmene anthu anabalalikira n'kutenga mayina a malo amene anakakhala: Amachinga, Amasaninga, Amangoche ndi ena. Akufotokoza za Achisi, amisiri osula makasu, amene poyenda ndi makasu awo mudzi ndi mudzi anatsegula njira yopita kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa. Anthu ankanyamula fodya, makasu, zikopa ndi minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mchere ndi mikanda. Mwamuna amene anafikako kugombe ankalemekezedwa pabwalo, pamene wongokhala pakhomo ankasekedwa. Muli nkhani ya Mataka woyamba, Che Nyambi, amene anabzala mitengo ya mango pamudzi pake kuti pafanane ndi kugombe, mpaka mudziwo unatchedwa Mwembe. Za nkhondo ndi kugwira akapolo a Abdallah sakuzibisa, koma akuziika m'malo mwake, monga gawo limodzi la mbiri yaitali.

Mwana wa ku Mangochi kapena ku Machinga amene wangomva za makolo ake pamutu wa malonda a akapolo ayenera kudziwa kuti buku ili lilipo, ndipo linalembedwa m'chiyankhulo chimene amayankhula ndi agogo ake. Linasindikizidwanso ku London mu 1973, ndi mawu otsogolera a katswiri wa mbiri Edward Alpers.

Makani gha BaNgoni

Tsopano tipite kumpoto, ku Mzimba. A Yesaya Mlonyeni Chibambo anali Mngoni wophunzira pamishoni ya Livingstonia, amene pambuyo pake anadzakhala m'busa. Mu 1932 anatulutsa Makani gha BaNgoni, ndipo mu 1942 bukuli linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti My Ngoni of Nyasaland, lomasuliridwa ndi mmishonale Charles Stuart. Taonani chinthu chimodzi: mbiri ya Angoni inalembedwa m'Chitumbuka. Pofika nthawi imeneyo ana a ankhondo a Zwangendaba anali atatengera chiyankhulo cha amayi awo, cha anthu omwe makolo awo anawagonjetsa. Mfundo imeneyi payokha ndi phunziro lathunthu.

Bukuli likutsata ulendo wa Zwangendaba Jere kuchokera kumwera, m'masiku a nkhondo za Shaka, kuwoloka Zambezi, mpaka ku Mapupo m'dziko la Afipa ku Tanzania ya lero, kumene Zwangendaba anafera. Kenako likufotokoza mkangano wa ufumu umene unagawa mtunduwo, Mpezeni n'kulowera ku Chipata ya lero, M'mbelwa n'kudzakhazikika kuno. Akuluakulu achingoni ankasunga nkhani yakuti tsiku lowoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kuti kadamsana ameneyu anachitikadi mu November 1835. Ndimakonda kuuza ana nkhani imeneyi chifukwa ikuonetsa kuti zokamba za agogo zikhoza kutsimikizidwa ndi sayansi.

Nanga mlandu wa a Chibambo unali wotani? Angoni a kumpoto analowa mu ulamuliro wa Britain mu 1904 mwa pangano, osati mwa kugonja pankhondo. Koma mu 1915 boma linachotsa Inkosi Chimtunga paudindo n'kuithamangitsira kumwera, chifukwa inakana kupereka anthu ake kuti akakhale amtengatenga pankhondo yoyamba ya dziko lonse. A Chibambo anali m'gulu la anthu amene anayambitsa Mombera Native Association mu 1920, ndipo nkhani yaikulu ya bungweli inali yakuti ufumu ubwerere. Buku la mu 1932 linali umboni wakuti Angoni ndi mtundu wa malamulo, mabwalo ndi mfumu yaikulu imodzi. Chaka chotsatira, mu 1933, atsamunda atayamba kulamulira kudzera mwa mafumu, Lazaro Jere anazindikiridwa kukhala mfumu yaikulu, M'mbelwa wachiwiri. Nkhope yake ndi imene inaikidwa pa K20 ya pepala mu 2012. Pa K200 anaikapo mayi Rose Chibambo, amene anakwatiwa ndi Edwin, mwana wa m'busa yemweyu. M'zaka za m'ma 1930 a Chibambo anathandizanso Margaret Read pa kafukufuku wake wa Angoni, moti zambiri zimene timawerenga m'mabuku a mayiyu zinadzera m'maso ndi m'kamwa mwa iwo.

Apa ndipo pofunika kusamala. Atonga amene anathawa ulamuliro wa Angoni m'zaka za m'ma 1870, ndi Atumbuka amene anaphedwa paphiri la Hora m'masiku a Baza Dokowe, sangaikambe nkhaniyi mmene a Chibambo anaikambira. Mwayi wake, Mtumbuka wina, Saulos Nyirenda, analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga imene inasindikizidwa mu 1931, yokweza ufumu wa Chikulamayembe. Nayenso anali ndi mlandu wake. Kuwerenga awiriwa pamodzi kuli ngati kumva mboni ziwiri pabwalo la mfumu. Aliyense akunena zimene anamva kwa akuluakulu a kwawo, ndipo woweruza ndi iwe wowerenga.

Mbiri ya Achewa

Buku lachitatu ndi la mphunzitsi mnzathu. A Samuel Josiah Ntara, amene ena amalemba kuti Nthara, anabadwa mu 1905 ndipo anaphunzitsa pansi pa mishoni ya Nkhoma. Achikulire ambiri amawadziwa ndi buku la Nthondo la mu 1933, limene linapambana pampikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, n'kutuluka m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Analimasulira ndi Cullen Young, ndipo mawu otsogolera analemba ndi wasayansi wotchuka Julian Huxley. Tangoganizani, mphunzitsi wa kumudzi wa zaka zosakwana 30, buku lake likugulitsidwa ku London! Analembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Dowa, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1949.

Koma limene ndikufuna muwerenge ndi Mbiri ya Achewa, limene linatuluka koyamba ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1940. A Ntara anasonkhanitsa zimene akuluakulu ndi mafumu ankakumbukira: ulendo wochokera ku Uluwa, thanthwe la Kaphirintiwa ku Dzalanyama, mafuko a Banda ndi Phiri, Kalonga ndi likulu lake ku Mankhamba, udindo wa Nyangu mayi wa ufumu, Makewana ndi kachisi wa mvula ku Msinja, kupatuka kwa Undi, Kaphwiti ndi Lundu, ndi maufumu monga a Mwase, Chulu ndi Mkanda. Chinyanja chake n'chomveka bwino, cha munthu wozolowera kuima patsogolo pa ana.

Mlandu wa a Ntara unali wakuti Achewa ankaoneka ngati anthu opanda mbiri. Atsamunda ankasirira mitundu yankhondo yokhala ndi mfumu yaikulu imodzi. Mchewa ankamuona ngati mlimi wa m'timidzi tobalalika, amene Angoni ndi Ayao anamupeza n'kumugonjetsa. A Ntara anaonetsa kuti timidzi timeneti tinali nthambi za ufumu waukulu wa Maravi, umene unalipo zaka mazana angapo Mngoni asanawoloke Zambezi. Dzina limene dziko lino linatenga mu 1964 likuchokera ku ufumu womwewo.

Chondisangalatsa n'chakuti zokumba pansi zinadzawavomereza pa zambiri. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi anakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu. Zimenezi zikusonyeza mudzi waukulu umene unkachita malonda ndi maiko akutali. Buku lake la zimenezi linatuluka mu 2020.

Chenjezo nali. Buku likawerengedwa m'sukulu ndi m'mipingo kwa zaka zambiri, nkhani zake zimabwerera kumudzi. Mukapita lero kwa gogo kukafunsa za chiyambi cha Achewa, mwina zimene akuuzeni anazimva kwa mphunzitsi amene anawerenga a Ntara. Ndiye musathamangire kunena kuti mwapeza mboni yachiwiri, pamene ndi mboni yomwe ija yavala malaya ena. Chinanso, buku ili linamasuliridwa m'Chingerezi ndi W. S. Kamphandira Jere n'kusindikizidwa mu 1973, koma osati ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Linatulukira ku Wiesbaden, m'dziko la Germany. Akatswiri akunja analiona kufunika kwake pamene ife eni ake tinkayamba kuliiwala.

Strike a Blow and Die

Atatu oyambawa analemba za mitundu yawo. Wachinayi analemba za munthu wa chigawo china, ndipo ankaganiza za Nyasaland yense. A George Simeon Mwase anali Mtonga wa kunyanja, kalaliki ndi wamalonda, mmodzi mwa oyambitsa bungwe la anthu akuda la chigawo chapakati mu 1927. Mu 1931 anamangidwa pa mlandu wosowetsa ndalama za boma n'kutsekeredwa kundende ya Zomba. Kumeneko anakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu amene anamenya nawo nkhondo ya John Chilembwe, amene anali akadali m'ndende. Zimene anamva kwa Kampingo ndi zimene anazilemba m'Chingerezi mu 1931 ndi 1932.

Mutu wa nkhaniyi tonse timaudziwa. Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo anabwerako mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, ena n'kupita kukathyola nyumba ya mfuti ya kampani ya Mandala ku Blantyre. Pa 3 February Chilembwe anawomberedwa akuthawira kumalire a Mozambique. Funso limene ana amafunsa chaka ndi chaka ndi lakuti: kodi munthu wophunzira chonchi ankaganizadi kuti angagonjetse Britain ndi mfuti zowerengeka?

Yankho la a Mwase ndi lakuti Chilembwe ankadziwa kuti sapambana. Iwo akuti cholinga chinali kumenya kamodzi kenako n'kufa, kuti magazi awo aonetse boma kuti thangata, chikoti, kutentha matchalitchi ndi kutengera anthu kunkhondo ya azungu zafika posapiririka. Akumufanizira ndi John Brown, mzungu wa ku America amene mu 1859 anaukira nyumba ya zida ku Harpers Ferry pofuna kuthetsa ukapolo, n'kunyongedwa. Maganizo amenewa ndi amene ambiri timaphunzitsa lero osadziwa kuti anachokera m'chipinda cha ndende ku Zomba.

Mapepala a a Mwase anagona m'nkhokwe ya zolemba za boma zaka zoposa 30. Iwo anamwalira mu 1962 osaliona buku lawo. Robert Rotberg ndiye analisindikiza mu 1967 ku Harvard University Press. Akatswiri ena amakayikira ngati mawu amene a Mwase anaika m'kamwa mwa Chilembwe anayankhulidwadi choncho, popeza a Mwase panalibe ndipo analemba patapita zaka 16. Kukayika kumeneku n'koyenera. Tikumbukenso kuti wolembayo anali mkaidi, ndipo zolemba zake zikanatha kuwerengedwa ndi omwe anamutsekera. Mwina n'chifukwa chake m'masamba ena akuyamika ulamuliro wa Britain, pamene m'masamba ena akulemekeza munthu amene anauukira. Amene akufuna mboni zina awerenge buku la John McCracken la mu 2015, Voices from the Chilembwe Rising, mmene muli zimene anthu ananena pamaso pa komiti yofufuza za kuukirako.

Tichite nawo chiyani mabukuwa?

Masiku ano mitundu yathu yadzuka. Kuli Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, Umthetho ku Hora, Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, ndi miyambo ina. Ndi zinthu zabwino. Koma pa WhatsApp ndi pa Facebook ndimaona anthu, ena mwa iwo ana anga a m'kalasi, akutukwanizana za amene anafika koyamba m'dziko muno ndi amene ali mwini nthaka, aliyense akulumbira kuti mbiri ya kwawo ndiyo yoona. Wowerenga mabuku anayiwa mtima wake umatsika. Amaona kuti nkhani zimene timaziyesa zachikhalire zinasonkhanitsidwa ndi munthu wina wake, m'chaka chodziwika, pa chifukwa chodziwika. Amaonanso kuti Myao, Mngoni, Mchewa ndi Mtonga ankalimbana ndi vuto limodzi, lakuti mlendo ankawauza kuti iwo ndi yani.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi ili. Sitingathe kugulira mwana aliyense mabukuwa, popeza ambiri anasiya kusindikizidwa kalekale. Koma tsamba limodzi lokha ndi lokwanira phunziro la mphindi 40. Lembani ndime imodzi pabolodi, kenako funsani mafunso anayi: analemba ndani, analemba liti, ankafuna kuti amve ndani, ndipo ndani amene sakumveka m'nkhaniyi? Pafunso lomalizali ana adzaona okha kuti olemba onse anayi ndi amuna ophunzira kumishoni, ndipo mawu a amayi, a akapolo ndi a anthu a ku Gule Wamkulu akumveka patalipatali. Mawu a amayi anachedwa kufika m'mabuku athu a mbiri. Buku la mayi Vera Chirwa, Fearless Fighter, linatuluka mu 2007, ndipo la mayi Rose Chibambo, Lomathinda, limene analemba ndi Timwa Lipenga, mu 2019. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso anayi aja sadzavutika pa mayeso a MSCE, ndipo sadzanamizidwa msanga ndi uthenga wa pafoni.

Malo oyambira kufunsa ndi National Archives ku Zomba, laibulale ya University of Malawi kumene ambiri tinkati ku Chanco, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Musaiwalenso masutikesi a agogo. M'nyumba za aphunzitsi opuma ndi akulu ampingo a m'chigawo chapakati mukhoza kupezamo Mbiri ya Achewa kapena Nthondo, chikuto chitathothoka, litagona pamodzi ndi buku la nyimbo. Mukalipeza, lipulumutseni ku chiswe, lijambuleni ndi foni tsamba ndi tsamba, ndipo mubwereke mnzanu.

Kwa inu ana anga amene Mulungu anakudalitsani ndi kangachepe, ganizirani izi. Buku la a Mwase lili m'Chingerezi chokha, pamene nkhani yake ndi ya anthu a ku Chiradzulu. La a Abdallah ndi la a Chibambo ambiri a ife sitingawawerenge m'ziyankhulo zimene analembedwa. Pakati panu pali odziwa Chiyao, Chitumbuka ndi Chichewa bwino lomwe, pali maloya odziwa za umwini wa mabuku, pali ogwira ntchito yosindikiza. Mutu umodzi susenza denga. A Ntara analemba ali ndi malipiro a mphunzitsi wa mishoni, ndipo a Mwase analemba ali m'ndende. Ife tili ndi magetsi, makompyuta ndi ufulu woyankhula umene iwo sanaulaweko. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo awa agonera mokwanira.

Amene ali ndi limodzi mwa mabukuwa kunyumba, chonde andidziwitse.